Rediyeta ya Mapaipi Anayi ya a Minzifa

A Minzifa anawotcherera mapaipi a madzi otentha m'tauni yathu ino kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Mukafunsa aliyense amene anagwirapo nawo ntchito akuuzani kuti pamene a Minzifa awotcherera sipadontha, kenaka ayang'ana uku ndi uku n'kuwonjezera chapansipansi kuti koma pakamwa pawo, eee. Anali mayi wamfupi wa mapewa otambalala, manja ali zipsera zokhazokha. Analowa ntchitoyo ali mtsikana, amuna a pamalopo n'kumaseka kuti sabata samaliza. Ambiri mwa osekawo anadzapumira ntchito akulamulidwa ndi iwo.

Kuzizira kwa kuno kumapiri a Ural sikusewera ndi munthu. Paipi ikaphulika pansi pa msewu, nyumba zosanjikizana za mbali yonseyo zimakhala zikudikira munthu mmodzi, ndipo kawirikawiri munthuyo anali a Minzifa, ali m'dzenje, matope lekeza m'maondo, nthunzi ili tolotolo, akukalipira wogwira nyale kuti akuwunika kumwamba ngati akusaka mbalame. Ankaopedwa, ndipo kuopedwako kunkawasangalatsa. Sindikuwanena, iwo eni ankavomera.

Kwawo kunali kutsidya kwa njanji, kumene mapaipi a tauni safika. Kumeneko nyumba iliyonse ili ndi ng'anjo yake ya malasha m'khitchini. Madzi akatentha m'ng'anjomo amakwera okha, n'kuzungulira m'zipinda, akazizira n'kubwerera okha kudzatenthanso. Mapaipi a m'nyumba ya a Minzifa anaika ndi apongozi awo aamuna iwo asanakwatiwe n'komwe, ndipo sanavutepo. Mayi amene anawotcherera tauni yonse anali asanakhudzepo paipi ya m'nyumba mwake. Ankati zitsulo zimawakwana kuntchito.

Amuna awo, a Hamit, anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anatsala ndi mwana mmodzi, Fanil, woyendetsa galimoto ya mkaka, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Fanil anakwatira Rezeda, mtsikana wa kumzinda, n'kubwera naye pakhomopo, ndipo chaka chisanathe mtsikanayo anali woyembekezera. Apa ndi pamene inayambira nkhondo ya a Minzifa ndi asewere awo, a Rauza, mayi ake a Rezeda. A Rauza anagulitsa mankhwala m'sitolo moyo wawo wonse, ndipo ankakhala kumzinda, ulendo wa ola limodzi ndi theka pa basi, m'nyumba ya zipinda zitatu momwe madzi otentha amatuluka pampopi. Ankafuna kuti khandalo likatuluka m'chipatala lilowe kwawo.

Kwathu kuno, nyumba imene khanda lalowa pochokera kuchipatala ndi imene likhalemo masiku makumi anayi osatuluka, ilo ndi mayi wake. Ndipo a Minzifa ankadziwa, monga tonse tidziwira, kuti mtsikana amene watha masiku makumi anayi akutsegula mpopi wa madzi otentha sabwereranso kudzanyamula malasha m'ndowa. Mwamuna wake amamutsatira. Mumsewu mwawomo nyumba zisanu zinatha chomwecho, mwatsala nkhalamba imodziimodzi ndi mphaka. A Minzifa sankaopa dzenje kapena moto, koma izi zokha ankaziopa.

Choncho m'chilimwe anamuumiriza Fanil kumanga chipinda chatsopano kumbuyo kwa nyumba, chachikulu, cha mawindo awiri. Chinangotsala n'kuchilumikiza ku ng'anjo. Koma mu Okutobala anawachotsa ng'ala m'diso, dokotala n'kuwaletsa kuyang'ana moto wowotcherera kwa miyezi itatu.

"Amayi, bwanji tingogula rediyeta yotenthetsa chipinda ya m'sitolo, tiitane munthu adzaike kusanazizire kwambiri?" anatero Fanil.

"Munthu? Ine ndine chiyani, mbuzi?" anayankha a Minzifa. "M'nyumba mwanga muno mulowe wina ndi makina ake, tauni yonse imve kuti Minzifa walemba waganyu wowotcherera? Za m'sitolozo ndi zitini za nsomba, ukangoyetsemula zabowoka. Mwana akubadwa mu Febuluwale. Nthawi ilipo."

Miyezi itatu itakwana, anadzitsekera m'shedi masiku anayi n'kutulukamo ndi chinthu chimene aneba anabwera kudzachiona. Anali mapaipi anayi onenepa ngati ntchafu ya munthu, lililonse mamita awiri, osanjikizana ngati makwerero n'kulumikizidwa kumapeto, opakidwa penti yoyera. Anachinyamula amuna anayi, akubuula.

Lolemba m'mawa a Minzifa anazimitsa ng'anjo n'kukhuthula madzi onse. M'mwezi wa Januwale nyumba yopanda moto imakupatsa maola atatu, ukapitirira pamenepo wayamba kuitana mavuto, ndiye ankagwira ntchito mothamanga. Zonse zinayenda mpaka pa paipi yolowetsa madzi m'chipinda chatsopanocho, pamene imapinda pafupi ndi khoma lakale. Paipi yakaleyo inkangodontha, dontho, dontho, osaleka. Pamalo ponyowa sipawotchereka. A Minzifa sanadandaule. Anapita kukhitchini, anadula buledi wakuda, anati "bismillah" monga achitira aliyense akagwira buledi, anakolowola zam'kati n'kuziumba chibulumwa chonga nkhonya, n'kuchikankhira mu paipimo ndi kamtengo. Kudontha kunaleka.

Aliyense wa ntchito imeneyi amaidziwa njirayi. Buledi amagwira madzi kwa mphindi khumi, iwe n'kuwotcherera pouma, madzi akabwerera amamuphwanya n'kupita naye. A Minzifa anali atachita zimenezi mwina kachikwi. Anawotcherera, anadzazanso madzi, anakoleza moto, n'kukhala pansi kumwa tiyi ali okhutira.

Tiyiyo sanamumalize. Rezeda anatulukira pakhomo la khitchini atagwira chitseko, nkhope itasintha. Ululu wa kubereka unali utayamba kutatsala masabata atatu kuti nthawi yake ikwane. Fanil anamutengera kuchipatala cha kumzinda, ndipo Lachiwiri m'mawa foni inalira. Mwana wamkazi, wamng'ono koma wa mawu. A Minzifa anaseka, analira, anauza mwana wawo kuti ndi chitsiru chifukwa sanafunse kulemera kwake. Kenaka pafoni panabwera mawu ena.

"Asewere, mwadzuka bwanji? Ndati ndikuyamikeni, mwakhala agogo."

"Nanunso, asewere. Mulungu watichitira."

"Akuwatulutsa Loweruka. Koma mwanayu wabwera msanga, ngochepa ngati kabotolo. Ine Lachisanu ndikubwera kudzagwira ndekha chitsulo chanucho. Chikakhala chotentha, chabwino, sindilimbana nanu. Chikakhala chozizira, musadzandinene kuti ndine wankhanza."

"Mubwere ndi mafuta opaka pa zilonda za moto," anatero a Minzifa. "Muli nawo ambiri kwanuko."

Anaika foni pansi n'kulowa m'chipinda chatsopanocho akumwetulira, kuti akagwire ntchito ya manja awo. Anasanjika chikhatho pa paipi yapamwamba. Inali zii. Yachiwiri zii. Anagwada n'kugwira yapansi, anabwereranso yapamwamba, ngati mwina dzanja lawanamiza. M'nyumba monse mapaipi akale anali otentha osagwirika, koma rediyeta yawo inali ngati chitsulo chimene chagona panja. Anaima pakati pa chipindacho kukamwa kuli yasa.

Atatsitsimuka anadziseka. Ndi mpweya basi, mpweya ukatsekeredwa pamwamba madzi salowa, ngakhale wophunzira wa sabata imodzi amadziwa. Anatenga sipanala ndi beseni n'kumasula kabawuti kamene anaika pakona yapamwamba. Kunamveka tsiii, kenaka kunatuluka madzi akuda ozizira. Anamanga, anasonkhezera moto, anadikira ola. Zii. Anamasulanso, anakhuthula mabeseni atatu. Madziwo ankabwera, inde, koma ankalowera ku paipi yapansi, yobwezera, n'kungokhala phee osayenda.

Lachitatu anabwereka levulo n'kuyeza kupendekeka kwa paipi iliyonse, chifukwa madzi oyenda okha amafuna njira yokwera pang'onopang'ono. Zonse zinali m'malo mwake. Ali chogwada choncho analowa a Yefim, aneba awo a kuseri kwa mpanda, amene kale ankasonkha moto ku ng'anjo yaikulu ya tauni ndipo mpaka lero amawatcha a Minzifa abwana.

"Abwana, ndamva kuti mwabereka ng'ombe yoyera koma sikupuma."

"Wakuuzani ndani?"

"Utsi wanu. Chiyambire dzulo mukusonkha moto ngati mukuwotcha njerwa."

"Ngati mwabwera kudzaseka, chitseko ndi chomwe mwalowera chija."

A Yefim anavula chipewa, anagwira rediyetayo, anaika khutu, n'kupukusa mutu ngati dokotala. "Madzi ndi aulesi ngati ine, abwana. Amayenda njira imene anaizolowera. Tsekani zipinda zinazo asowe kolowera, muona alowa okha muno."

A Minzifa akanakhala kuti agona bwino sakanamvera nzeru za munthu amene moyo wake wonse ankangoponya malasha pamoto. Koma Lachisanu linali mkuja. Anazungulira nyumba n'kutseka timipopi ta marediyeta akale onse atatu, a Yefim n'kuthira ndowa ina ya malasha. Anaima awiriwo manja ali pa chitsulo choyeracho, akudikira.

Chimene chinabwera si kutentha. M'khitchini munamveka gu! gu! gu! ngati munthu ali m'kati mwa ng'anjo akumenya ndi nyundo kuti amutsegulire. Mapaipi ananjenjemera, makapu analira pa shelefu. Kudenga, kumene kuli kathanki kopumira madzi, kunamveka kufwanthamuka, ndipo madzi owira anayamba kutsika m'mipata ya matabwa n'kumagwera patebulo. Madzi anali atasowa kolowera n'kuwira m'ng'anjo momwemo. A Yefim anathawira panja ndi nsapato imodzi. A Minzifa anathamanga chipinda ndi chipinda akutsegula timipopi ndi manja osavala kanthu, kenaka anakokera makala oyaka m'ndowa n'kukawataya panja pa chipale chofewa. Phokosolo linatha pang'onopang'ono. Anakhala pampando. Anatsala pang'ono kuphulitsa ng'anjo imene inatumikira nyumbayo zaka makumi asanu, ndipo rediyeta yawo inali idakali zii.

"Abwana, muli moyo?" anafunsa a Yefim ali pawindo.

"Tengani nsapato yanuyi, musanandipatsenso nzeru ina."

Masana amenewo kunabwera amayi a mumsewumo kudzawayamika chifukwa cha mdzukulu, aliyense ndi mbale yake ya zophikaphika. A Minzifa atawaona akutsegula geti anathamanga kukatseka chitseko cha chipinda chatsopano n'kuchikiya. Akanalola bwanji kuti mkazi wina agwire chitsulocho, mawa nkhani ikhale ili pa sitolo? Anawauza kuti penti sinaume. Alendo atapita, kiyi anakhalabe m'thumba la epuloni. Anali atatopa, manja atatupa matuza, ndipo anaganiza kuti nyumba yotsalayo ifunde bwino chitsekocho chili chotseka. Apa ndiye ndimawakwiyira a Minzifa. Paipi angalakwitse aliyense, koma chitsekocho anatsekera manyazi.

Lachinayi kunacha kuli mbee, kopanda mtambo, utsi wa m'nyumba zonse utaima chilili. Choyezera kuzizira cha pawindo chinaonetsa madigiri makumi atatu ndi asanu ndi awiri pansi pa ziro. Atatsegula chipinda chija, mpweya wa m'kamwa mwawo unaoneka. Anamasula kabawuti kaja. Sikunatuluke mpweya, sikunatuluke madzi. Anamenya paipi yapansi ndi sipanala, ndipo m'malo molira ngati chitsulo inangoti dii, ngati wamenya chipika. Madzi anali ataundana m'kati.

Pamenepo ndi pamene anachita chimene anayenera kuyamba nacho Lachiwiri. Anataya sipanala, anavula magolovesi, n'kuyamba kutsata paipi yolowetsa madzi ndi chikhatho kuchokera kung'anjo. Kutentha, kutentha, kutentha, mpaka pokhota paja pafupi ndi khoma lakale. Apa kufunda, apa zii, kusiyana kwake chikhatho chimodzi. Ndipo pomwepo panali mzere wosalala wokongola umene iwo eni anawotcherera Lolemba.

Anaitana a Yefim, anazimitsanso moto, anakhuthulanso madzi, n'kudula paipiyo. Atasuzumira m'kati anaona chinthu chotuwa, chotupa, chitatseka bowo lonse kuti ndi. A Yefim anachitokosa ndi waya, ananunkhiza, n'kuyang'ana mnzawoyo.

"Abwana, uyutu ndi buledi."

"Sizingatheke."

"Ndikudya buledi zaka makumi asanu ndi awiri, ndimamudziwa. Wangosasa pang'ono."

"Amasungunuka! Nthawi zonse amasungunuka, madzi amamukankha n'kupita naye!"

"Madzi ati?" anafunsa a Yefim, ndipo kuseka kumene anayamba kunathera panjira. "Kuntchito kuja kunali mapampu aakulu ngati ng'ombe. Muno muli pampu, abwana?"

M'nyumbamo munalibe pampu, ndipo simunakhalepo pampu. Madzi a m'nyumba mwawo ankayenda okha, mwaulemu, mphamvu yake yosakwana kukankha ngakhale nthenga ya tsekwe. Buledi uja anangomwa madzi, anatupa, n'kukhazikika pokhotapo. Zaka makumi atatu ndi zinayi a Minzifa akuyesa kuti nzeruyo ndi ya manja awo, pamene theka lake inali ya mapampu. Anachita manyazi amene anali asanawamvepo, manyazi otentha kumaso, ndipo kwa kanthawi sanathe kuyang'ana a Yefim.

Koma nthawi yochitira manyazi panalibe. Anakolopa paipiyo, anaiumitsa ndi sanza yomangirira ku waya, anailumikizanso, anadzaza madzi, anakoleza moto. Kenaka anatenga nyale ya palafini yolavula moto, imene timawaulira atsekwe, n'kuyamba kuyendetsa lawi pa rediyetayo kuyambira pamwamba. M'kati munayamba kulira, kung'ung'udza, kugwedera. Patapita theka la ola a Yefim anafuula.

"Ikupuma! Abwana, ng'ombe yanu ikupuma!"

Paipi yapamwamba inali itafunda. Yachiwiri inatsatira, kenaka yachitatu. Mdalayo anagunditsa tsaya lake pachitsulo ngati wapeza m'bale wotayika. A Minzifa anamva misozi ikubwera. Anatsitsira lawi pa paipi yapansi.

Kunamveka thu! ndipo madzi akuda anathovoka m'munsimo, mzere wopyapyala wamphamvu umene unadutsa chipinda chonse n'kukamenya khoma la kutsidya. Poyamba anali ozizira, kenaka ofunda, kenaka otentha moti a Yefim analumpha akukuwa. Madzi oundana aja anali atang'amba paipiyo kutalika kwa dzanja, ndipo chimene chinkatseka mng'aluwo masiku onsewa anali madzi oundana omwewo. Pepala la maluwa limene Rezeda anasankha yekha kuti amate kukhoma linasanduka bii. A Minzifa anaima nyale ikuyakabe m'manja, akuyang'ana, osakhulupirira kuti chinthu chimene chatuluka m'manja mwawo chingathe kutaya madzi chonchi.

"Zimitsani motowo, muwotcha nyumba!" anakuwa a Yefim.

Anakhuthula madzi kachitatu. Tsiku lonselo a Minzifa anagona chammbali pansi ponyowa, chigoba chowotcherera chili kumaso, akutseka mng'aluwo pang'onopang'ono, diso lochitidwa opaleshoni lija likutuluka misozi. Dzuwa likulowa anadzaza madzi, anakoleza moto, ndipo mapaipi onse anayi anatentha kuyambira uku mpaka uko. Pamene anawotchererapo panali gwa. Anakolopa pansi, anapakanso penti, ndipo awiriwo anakankha kabati ya zovala n'kuiimika pa khoma lothimbirira lija. Pomaliza a Minzifa anayala manyuzipepala akale pansi pa rediyeta yonse, monga ankachitira kuntchito akamaliza kulumikiza m'nyumba za anthu.

Lachisanu cha m'ma leveni galimoto ya Fanil inaima pageti. A Rauza anatsika atavala chikhoti cha ubweya chofika m'mapazi, milomo itapakidwa zofiira, chikwama chili m'khwapa. Anapsompsonana ndi asewere awo masaya onse awiri, aliyense akuyang'ana kumbali.

"Asewere, mwaonda. Manjawo mwatani?"

"Ntchito, asewere. Ena timagwira."

Analowa m'chipindamo ndipo kutentha kunawalandira pakhomo. A Rauza anatsegula chikwama n'kutulutsa choyezera kutentha, anachiika pawindo, anadikira, anachiika pansi pakona, anadikiranso. Kenaka anavula golovesi n'kugwira paipi yapamwamba.

"Mayo!" Anachotsa dzanja n'kuliika kukamwa.

"Ndinakuuzani za mafuta aja," anatero a Minzifa.

A Rauza anayang'ana chitsulocho nthawi yaitali, anayang'ananso manja otupa a mnzawoyo, ndipo nkhope yawo inafewa. "Asewere, ndagonja. Ndimayesa mukungodzitama. Kwanga sikutentha chonchi. Mwanayu abwere kuno, ine ndizibwera Lamlungu lililonse mpaka mudzatope nane." Anatembenukira kwa Fanil. "Apongozi, kabedi ka mwanako musakaike pakhomo pali mphepo. Kabweretseni apa."

Anakagwira okha mbali imodzi n'kukakokera kumapeto kwa rediyeta, cha kuwindo, mpaka kanatsala pang'ono kukhudza chitsulo. Fanil ankangomwetulira ngati mwana wapatsidwa switi. A Minzifa anamva chifuwa chikumasuka koyamba chiyambire Lachiwiri. Anali atapambana. Anawauza kuti atsogole kukhitchini, chitumbuwa cha nyama ya tsekwe chikuzizira, iwo atsale achotse mapepala awa akunyansitsa chipinda.

Anawerama n'kuyamba kusolola. Pansi pa malo amene anawotcherera dzulo, pepala linali louma. Lotsatira louma. Lomaliza, la kumapeto, pansi penipeni pa kabedi kaja, linali ndi kadontho kamodzi konyowa, kakang'ono ngati nyemba.

Anagona pansi n'kusuzumira. Panalibe chooneka, penti yoyera yokhayokha. Anapukuta ndi chala n'kudikira, akuwerenga m'mutu. Atafika pa makumi asanu ndi limodzi, pamimba pa paipi yapansi, kutali ndi pamene panang'ambika dzulo, kutali ndi polumikizira paliponse, panamera kamkanda ka madzi.

Sanafunikire wowauza tanthauzo lake. Madzi akaundana mu paipi sakankha malo amodzi, amakankha paliponse. Pamene pang'ambika ndi pamene paoneka chabe. Kwinako chitsulo chimakhala chitatopa, chili ndi ming'alu yopyapyala ngati tsitsi pansi pa penti, ndipo chimadikira tsiku limene moto wasonkhedwa kwambiri. Mwina chikanatha chaka. Mwina sabata. Dzulo anaona ndi maso awo mmene madziwo amathovokera, ndi kutalika kumene amafika.

Kukhitchini a Rauza ankaseka, akufunsa Fanil za makatani. Palibe anaona. Pepalalo likanakwana bwinobwino m'thumba la epuloni. A Minzifa anagwada pamenepo nthawi yokwana kuwiritsa tiyi, ndipo ndinganame nditanena kuti sanaganize zolipinda.

Analowa m'khitchini n'kuliyala patebulo pakati pa makapu.

"Ichi n'chiyani, asewere?"

"Mwana asabwere kuno. Mumutengere kwanu."

Fanil anasiya foloko m'mwamba. A Rauza anayang'ana pepalalo, anayang'ana a Minzifa, osamvetsa. Ndiye a Minzifa anafotokoza zonse ali chiimire, mawu ali phwa ngati akuwerenga lipoti: za buledi, za chitseko chimene anakiya, za madzi oundana, za khoma limene lili kuseri kwa kabati.

"Amayi, kadontho kamodzi komweka?" anatero Fanil. "Simungangowotchererapo?"

"Ndiwotcherera apa, mawa patseguka pena. Chonsecho n'chofunika kudula n'kutaya."

"Ndiye tigule ya m'sitolo lero lomwe!"

"Ndakhuthula madzi katatu sabata ino, mapaipi a agogo akowa ayamba kulira m'malumikizo. Ndikakhuthulanso kukuzizira chonchi tikhala opanda nyumba. Chipindacho ndichitseka mpaka kufunde." A Minzifa anapitiriza. "Ndipo kumene mukugona panopa, kuseri kwa ng'anjo, n'kwa utsi ndi fumbi la malasha. Mwana wobadwa masiku osakwana sagona pamenepo. Usanditsutse, Fanil, mutu ukundipweteka."

A Rauza anali atagwira pakamwa. Mayi amene anabwera atakonzekera nkhondo anasowa pogwira. "Koma asewere," anatero motsitsa, "mukanangokhala chete, ine ndikanadziwa bwanji?"

"Mukanadziwira kuchipatala."

Kenaka a Rauza anayamba kulankhula mofulumira, kuti ndi masiku makumi anayi okha, kuti akangotha anawo abwerera, kuti iwo eni adzawapakira katundu. A Minzifa anagwedeza mutu kuvomera, Fanil nayenso anavomera, akuyang'ana m'kapu. Onse atatu ankadziwa mmene zimathera, ndipo palibe anafuna kukhala woyamba kunena. Atatha kudya, Fanil anamasula kabedi kaja n'kukamangirira pamwamba pa galimoto, mayi ake atamugwirira chingwe.

Loweruka a Minzifa anadzaza ng'anjo ndi malasha mpaka pakamwa, anavala mpango wawo wa pa zikondwerero, n'kukwera basi ya m'mawa. Pakhomo la chipatala namwino anatulutsa kamtolo ka mabulangete komangidwa ndi riboni, ndipo a Rauza, amene anali kutsogolo, anabwerera m'mbuyo n'kuwakankhira asewere awo kuti alandire ndiwo. A Minzifa anatsegula pang'ono pakona ya bulangete. Anaona kamphuno, ndi tinsidze tokwinya ngati ta munthu amene sanakhutire ndi ntchito ya wina. Anamunyamula masitepe asanu ndi limodzi, ndi mayadi ochepa a chipale chofewa mpaka pagalimoto. Rezeda atakhala bwino, anamupatsira.

"Amayi, kwerani, malo alipo," anatero Rezeda. "Mukagone kwathu ngakhale lero lokha."

Mawu akuti kwathu anatuluka okha, mtsikanayo sanawamve n'komwe. A Minzifa anawamva.

"Moto, mwanangu," anatero. "Ndikapanda kufika pofika thuu koloko uzima, ndipo nyumba yonse iundana."

Anatseka chitseko cha galimoto bwinobwino kuti mphepo isalowe, anamenya padenga kawiri kuuza Fanil kuti azipita, n'kuwoloka msewu kukadikira basi yobwerera.